Chikwama Chamasana cha ku Norby

Anthu a m'boma la Corliss savota. Zimenezi aliyense amazidziwa, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Pa chisankho cha chipulula cha mu Meyi, pamene zipani zinkasankha oziimirira, mwa anthu 100 alionse olembetsa panabwera 11 okha. Ena onse anali kumunda kudzala chimanga, kapena anangokhala pakhomo kudandaula za boma. Koma Lachiwiri lija la mu Ogasiti anadzuka ngati amva uthenga wa maliro. Funso pa chisankho chapaderacho linali limodzi: nyumba ya boma yosungiramo okalamba ipitirire kapena itsekedwe. Ofuna kuti itsekedwe anapambana ndi mavoti 38. M'mawa wa Lachitatu kunamveka kuti mavoti 94 asowa.

Marlys Tiedeman, wapolisi yekhayo wofufuza milandu m'boma lonselo, anafika ku ofesi yatsopano ya zisankho dzuwa lisanatenthe. Mlembi woyendetsa zisankho, Bambo Delbert Krug, anali atavala malaya omwe aja adzulo. Bambowa anali munthu woti pensulo ikasowa patebulo pawo sadya nkhomaliro, ndiye mungoganiza nokha mmene nkhope yawo inalili.

"Kaundula wa ku Norby akuti anavota anthu 231," anatero akumukankhira bukulo. "Onse anasaina, ndawerenga katatu. M'bokosi tapezamo mapepala 137. Masamu mukuwadziwa."

"Enawo akanakhala kuti?"

"M'chikwama."

"Chikwama chanji? Mavoti si amakhala m'bokosi?"

Bambo Krug anatsokomola chifuwa chimene analibe. "Ku Norby ndinatumizako kabokosi kakang'ono. Musandiyang'ane choncho, Marlys. Mu Meyi kumeneko kunavota anthu 31. Ndikanatumiza chibokosi chachikulu kuti azikasungiramo mbewa? Pofika 11 koloko kanali katadzaza. Anandiimbira foni, ine ndinawauza zimene buku limanena: atsegule oyang'anira onse atatu ali pomwepo, akhuthulire m'chikwama chabuluu, amange ndi kachingwe kanambala, achiike pansi pa tebulo mpaka madzulo. Bokosi lalikulu ndinawatumizira masana."

"Madzulowo chinafika?"

"Pepala loperekera katundu likuti chinafika. Pakhomo apa panali chipwirikiti, magalimoto khumi ndi awiri nthawi imodzi. Olandira anangoona kuti asaina awiri, basi."

Lamulo la ntchitoyi Marlys ankalidziwa kuyambira ali mwana. Mavoti sayenda ndi munthu mmodzi. Kulikonse kumene akupita payenera kukhala anthu awiri, wina wa chipani ichi, wina wa chipani icho, kuti aziyang'anana m'manja.

"Anasaina ndani?"

"Orval Pettibone ndi watsopano uja, Araceli Quintanar."

"Wachitatu?"

Bambo Krug anayang'ana pawindo. "Wachitatu mukumudziwa."

Ankawadziwadi. Mayi Opal Vandermolen, a zaka 78, anali atayang'anira malo ovotera a ku Norby kwa zaka 44 popanda pepala limodzi kusokonekera. Anali mlongo wawo wa bambo ake a Marlys, ndipo ndi amene anamulera makolo ake atamwalira pangozi ya galimoto iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mkulu wa apolisi anali atamuuza kale pafoni kuti asadandaule nazo, azakhali ake palibe akuwakayikira, ndipo wina woti n'kumutuma panalibe.

"Lachisanu bungwe lotsimikiza zotsatira likhala pansi," anatero Bambo Krug. "Loya wa boma akufuna dzina lisanafike tsikulo. Kuba mavoti ndi mlandu wa kundende, Marlys. Ndipo kunjaku anthu dzina analipeza kale. Wina akuti anaona Araceli akulowetsa chikwama chabuluu m'galimoto yake."

Msewu wa ku Norby umadutsa pakhomo penipeni pa Mayi Opal. Marlys anaona makatani achikasu aja, anaona galimoto yakale ili pansi pa mtengo, koma sanaime. Anadziuza kuti mboni zina n'zofunika msanga. Zoona zake n'zakuti ankachita mantha, ndipo sankafuna kudzifunsa kuti akuopa chiyani.

* * *

Araceli Quintanar ankagwira ntchito ku fakitale yophera ng'ombe, koma m'mawa umenewo anali atamubweza pageti, ati ayambe wapuma mpaka zinthu zidziwike. Marlys anamupeza akutsuka galimoto. Pachitseko cha galimotoyo wina anali atalembapo ndi penti yofiira, ndipo ngakhale anali atakwecha kwambiri, mawu oti wakuba ankawerengekabe.

"Mwabwera kudzanditenga?" anafunsa Araceli asanapereke ndi moni womwe.

"Ndabwera kudzamva."

"Mumve ndithu. Ine ndinalumbira kukhala nzika ya dziko lino zaka ziwiri zapitazo. Buku lawo la malamulo a chisankho lili ndi masamba 60, ndinaliwerenga lonse, kawiri, pa nthawi yopuma kuntchito. Bambo Pettibone sanalitsegulepo, anandiuza okha akuseka. Lero wakuba ndi ine."

"Akuti munanyamula chikwama chabuluu."

Araceli analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachikwama kosungiramo chakudya. Anakatsegula pamaso pa Marlys. Munali mbale ya pulasitiki ndi foloko. "Ichi. Muikemo mapepala 94 tione ngati angalowe."

Sakanalowa. Marlys analemba zimenezo.

"Tandiuzani za masana."

"Chikwama tinamanga tonse atatu, nambala ya kachingwe ndinalemba ndine. Ndinachiika pansi pa tebulo, kumapazi kwa Mayi Opal. Itakwana 12 koloko anthu anachepa, anapita kokadya. Kenaka kunabwera bambo wina wodwala, wopumira mpweya wa m'botolo, sakanatha kutsika m'galimoto. Zikatero awiri amatuluka ndi pepala kukamuvotetsa konko. Tinatuluka ine ndi Bambo Pettibone."

"Munatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi khumi, mwina kupitirira pang'ono. Odwalawo ankachedwa kulemba. Pobwerera tinaona galimoto ya Mayi Opal ikutuluka kuseri kwa holo yovoteramo. Bambo Pettibone anati asiyeni, akukatenga keke imene aiwala kunyumba, chisankho chilichonse amaphika keke."

"Anabwera nthawi yanji?"

"Itadutsa wani koloko. Inali itadutsa ndi mphindi khumi."

Pensulo ya Marlys inaima. Kuchokera pa holo ya tchalitchi kufika kwa azakhali ake ndi mphindi zitatu. Ankayenda wapansi mtunda umenewo ali mwana.

"Keke munadya?"

Araceli anaganiza kaye. "Ayi. Anabwera chimanjamanja. Koma anali osangalala, anandisisita paphewa n'kunena kuti ntchito ikuyenda bwino. Anthu anali atayambanso kuchuluka, palibe amene anasuzumira pansi pa tebulo. Madzulo titatseka m'pamene ndinaona kuti chikwama palibe. Bambo Pettibone anatengera Mayi Opal kukhitchini, analankhulana, kenaka anatuluka okha n'kunena kuti chikwama chinapita kale, ndisaine. Buku limakana zimenezo, ndinkadziwa. Koma ine ndine ndani kuti nditsutse anthu amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe? Ndinasaina."

Apa misozi imene anaiumiriza m'mawa wonse inatuluka. Anaipukuta ndi nsalu yotsukira galimoto.

"Musamve ngati ndikuwaneneza Mayi Opal," anatero. "Iwo ndi amene anandiitana pa ntchitoyi. Anthu ena atayamba kung'ung'udza, anandikhazika patebulo lakutsogolo, pakaundula penipeni, kuti aliyense wolowa ayambe wandipatsa moni. Mayi amene aja sangabe ngakhale pini."

"Ndikudziwa," anatero Marlys.

M'galimoto anakhala kanthawi osaliza injini. Kuchokera ku Norby kupita ku tauni ya Corliss ndi theka la ola, kubwerera theka linanso.

* * *

Bambo Orval Pettibone anali pansi pa thirakitala, miyendo yokha ikuoneka. Anali mlimi wa mawu ochepa, wa chipani chosiyana ndi cha Mayi Opal, ndipo kwa zaka 15 awiriwa ankakhala tebulo limodzi pa chisankho chilichonse, kutsutsana pa chilichonse kupatula kaundula.

"Tonse tinali pomwepo tsiku lonse," anayankha asanatuluke n'komwe. "Palibe anachoka."

"Keke inali yokoma?"

Sipanala inasiya kulira. Patapita kanthawi bambowo anadzikoka n'kutuluka, anakhala pa tayala, n'kuyamba kupukuta manja amene sakanayera.

"Mtsikana uja amalankhula kwambiri."

"Mtsikana uja amulembera pagalimoto kuti wakuba. Kuntchito amubweza. Lachisanu dzina lake likupita kwa loya, ndipo inu munamuuza kuti asaine."

"Umboni alibe. Adzalankhula, adzatopa, zidzatha. Ndi wamng'ono, ali ndi nthawi."

Marlys anamva mkwiyo ukukwera mpaka m'makutu. Munthu wabwinobwino, wosaphonya tchalitchi, wothandiza anzake pokolola, akuperekeza mwana wa eni ake kundende mtima uli m'malo.

"Bambo Pettibone, ana ake awiri apita kusukulu m'mawa uno. Mukuganiza kuti anzawo awauza chiyani?"

Bambowo atayamba kulankhula, mawu awo anali atasasa.

"Iwe mwanawe, umapita kwa azakhali ako Lamlungu lililonse. Usandiuze kuti sunaone kanthu."

Marlys anali ataona. Anapezapo makiyi m'firiji. Anamvapo nkhani imodzi katatu pa chakudya chimodzi. Tsiku lina anaitanidwa ndi dzina la mayi ake omwalira. Chilichonse anachipezera chifukwa: kutopa, kutentha, ukalamba wamba. Wapolisi amene ankagwira mbava ndi chidindo cha nsapato anakana kuphatikiza zinthu zitatu za m'nyumba imene anakuliramo.

"Mu Meyi anayala zikwangwani, n'kuzichotsa, n'kuziyalanso," anapitiriza Bambo Pettibone. "Anthu anali 31 okha, ndinaphimba, palibe anadziwa. Ndinati Ogasiti akhalanso chimodzimodzi, tingodutsa, kenaka ndimunyengerere apume mwaulemu, timuchitire phwando m'holo muja. Ndinkadziwa bwanji kuti Norby yense adzuka?"

"Kukhitchini kuja anakuuzani chiyani?"

"Ndinati, Opal, chikwama chili kuti? Anandiyang'ana ngati ndine wopusa. Akuti, chamasana ndinakapereka kale, ngati nthawi zonse. Ndinati, kwa ndani? Akuti, kwa Ansel Rudd."

Marlys anagwira chitsulo cha thirakitala. Bambo Ansel Rudd anali mlembi wa zisankho kalekale. Anamwalira zaka 19 zapitazo, ndipo maluwa a pamaliro awo anakonza ndi Mayi Opal omwewo.

"Nditapereka bokosi ku ofesi yatsopano ndinadzera ku khoti lakale, kumene kunali ofesi ya Ansel," anatero bambowo. "Ndi lokhoma, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinazungulira, ndinayang'ana pamasitepe, m'maluwa, m'mabini. Kulibe. Mwina anachitaya m'njira, mwina anapatsa munthu wodutsa. Ndiye ndinene chiyani? Kuti Opal Vandermolen wataya mavoti a mudzi wonse chifukwa mutu wayamba kuchoka? Zaka 44, mwanawe. Anthu aiwala zonsezo n'kutsala ndi chimodzichi."

"Mawu awo enieni anali otani? Mukumbukire bwino."

Anatsinzina. "Anati, Ansel anali atapita kokadya, koma chafika."

Marlys anali atayamba kale kuyenda kupita kugalimoto. Bambo Pettibone analowa ntchitoyi mwambo wa chikwama chamasana utatha kale, n'chifukwa chake anafufuza m'maluwa. Iye ankadziwa kumene chikwama chinkapita Bambo Rudd akakhala kokadya.

* * *

Kale, makina owerengera asanabwere, mavoti ankawerengedwa pamanja. Pofuna kuti ntchito isachuluke madzulo, malo ovotera alionse ankatumiza mavoti am'mawa ku khoti nthawi ya masana. Marlys anayendapo ulendo umenewo kangapo, atakhala kumbuyo kwa galimoto, azakhali ake ndi mnzawo wa chipani china ali kutsogolo. Akapeza ofesi yotseka, ankazungulira kuseri, kumene kunali kachitseko kachitsulo m'munsi mwa khoma. Ukakweza kachitsekoko n'kuponyamo chikwama, chinkatsetsereka mpaka m'chipinda chapansi chimene kiyi wake ankasunga mlembi yekha.

Kachitsekoko kanalipobe, kuseri kwa zitsamba. Dzimbiri la m'mbali mwake linali litasweka chatsopano, ndipo nthambi ziwiri zinali zothyoka.

Bambo Krug anabwera ndi mtolo wa makiyi komanso mayi wina wa mu ofesi mwawo wa chipani chinacho. Ngakhale pa tsiku ngati limeneli sakanalola kuyandikira mavoti ali okha. Atatuwo anatsika masitepe ndi tochi. Kiyi wachisanu ndi amene anatsegula.

Chikwama chabuluu chinali pansi, pafumbi, chitagona chammbali. Bambo Krug anagwada n'kuwerenga nambala ya kachingwe mokweza, mayi uja akuyang'ana papepala. Inali yomweyo, ndipo kachingweko kanali kosadulidwa.

Pachogwirira panali kapepala kolumikizidwa ndi pini. Marlys anaunikira. Zilembo zake zinali zoongoka, zokongola, zomwe zija zinkasaina malipoti ake akusukulu. Kapepalako kanali kopita kwa Bambo Rudd. Kanatchula malo, Norby. Kanatchula nthawi, 12:40. Kanatchula chiwerengero, 94. M'munsi munali mawu akuti anthu abwera ambiri lero, tikuthokoza Mulungu. Chilichonse chinali cholondola kupatula munthu wolandira.

Marlys anazimitsa tochi kwa kamphindi kuti anzakewo asamuone nkhope.

"Adzawerengedwa?" anafunsa Marlys.

"Si ine wogamula, ndi bungwe," anatero Bambo Krug motsitsa. "Koma ndisakunamizeni. Chikwama chayenda ndi munthu mmodzi, chagona tsiku lathunthu popanda wochiyang'ana. Maloya a mbali yopambana sadzachilola. Ndipo mukudziwa amene amavota m'mawa ku Norby."

Ankadziwa. M'mawa mumavota okalamba, amene amadzuka mbandakucha n'kukaima pakhomo la holo asanatsegule. Ndi omwewo amene amuna awo, akazi awo ndi alongo awo ali m'nyumba ya okalamba ija, ndipo ena mwa iwo anali atalembetsa kale malo. Mavoti amene akanaipulumutsa mwina anali m'chikwama chimenechi.

"Ndikanatumiza bokosi lalikulu kuyambira m'mawa, sibwenzi pali chikwama," anatero Bambo Krug. Anadzuka movutikira akupukuta maondo. "Zimenezo ndikanena ndekha Lachisanu. Koma inu mulemba chiyani, Marlys?"

"Zimene zachitika."

"Akadziwa kuti ndi matenda, Mayi Opal sangazengedwe mlandu. Koma nyuzipepala ilemba. Laisensi ya galimoto awalanda. Adokotala anena kuti asakhalenso okha."

"Ndikudziwa, Bambo Krug."

Ali pamasitepe Marlys anaimbira Araceli n'kumuuza kuti chikwama chapezeka, dzina lake layera. Araceli anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati Mayi Opal ali bwino.

* * *

Marlys anawapeza azakhali ake kukhitchini akusenda tomato woti aike m'mabotolo. Keke inali pa shelefu, yophimbidwa ndi nsalu, yosadulidwa.

"Taonani amene wakumbuka kuti ali ndi azakhali," anatero Mayi Opal. "Lachitatu lenileni? Kapena mbava zapita kutchuthi? Khala pansi, waonda. Amuna ako aja amakudyetsa mapepala?"

Maso awo anali owala, lilime lakuthwa monga kale. Marlys analakalaka akanawapeza osokonezeka, chifukwa zikanapepuka. Anakoka mpando, anawalanda mpeni mofatsa, n'kuwagwira manja onse awiri.

"Azakhali, dzulo masana munapita kuti?"

"Ku khoti, kukasiya chamasana. Funso lanji limenelo?"

"Munapita ndi ndani?"

Makwinya anasonkhana pachipumi. "Ndi... payenera kuti panali wina. Sindingapite ndekha, ndi zoletsedwa."

"Munapereka kwa ndani?"

"Ansel anali kokadya, ndiye ndina..." Mawu anathera m'njira. Marlys anaona zonse zikubwerera pankhope pawo chimodzichimodzi, maliro aja, maluwa aja, khoti lokhoma lija. Manja amene anawagwira anazizira.

"Ansel anamwalira," anatero Mayi Opal chapansipansi.

"Eya, azakhali."

"Chamasana chinatha kalekale."

"Eya."

"Angati?"

"94."

"Awerengedwa?"

Marlys anapukusa mutu. "Sizikuoneka choncho. Nyumba ija yagonja ndi 38."

Mayi Opal sanalire. Anayang'ana khoma n'kuyamba kutchula maina, mwa ndondomeko imene anthuwo analowera m'holo: woyamba, wachiwiri, mayi amene anabwera ndi ndodo ziwiri, bambo amene mkazi wake wakhala m'nyumba ija zaka zinayi ndipo amakamudyetsa yekha masana alionse. Ankawakumbuka onse. Atafika cha m'ma makumi awiri Marlys anawapempha kuti asiye.

"Anavala zovala za kutchalitchi," anatero. "Anandipatsa mapepala awo m'manja mwangamu. Akuneneza ndani?"

"Ankaneneza Araceli. Orval anakhala chete kuti akutetezeni."

"Chitsiru cha munthu. Ukamuuze kuti ndatero, ndipo akapepese pakhomo pa mwana uja chipewa chili m'manja." Anapuma mozama, kenaka anamufinya Marlys zala. "Tamvera, mwana wanga. Ulembe kuti ndinaba."

"Azakhali."

"Ulembe kuti ndinachita dala, ndinali ndi mbali yanga. Wakuba amakhala ndi nzeru zake. Amapita kukhoti, amaima yekha, amayankha yekha. Anthu adana nane, chabwino, ndipirira. Koma ukalemba zinazo, ayamba kundilankhula mokweza ngati mwana. Azindimwetulira m'sitolo. Andichotsa m'nyumba muno, ndipo kondipititsa kufupi kulibe, ndatseketsa ndekha. Andipititsa kutali kumene palibe wodziwa kuti ndinali ndani."

"Sindingalembe bodza. Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye ndinakuphunzitsa mopitirira."

Apa m'pamene analira, kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso. Marlys anawakumbatira, naye akulira. Anamva chisoni chimene sanachimvepo chimwalirireni makolo ake, ndipo chinapweteka kwambiri chifukwa munthu amene ankamulirayo anali m'manja mwake, wamoyo, akununkhira tomato.

Patapita nthawi anadzuka kukatereka madzi a khofi. Anatsuka makapu awiri, anapukuta tebulo, anachedwa dala pasinki kuti nkhope iume. Atatembenuka anapeza azakhali ake atatenganso mpeni, akusenda tomato mwaluso, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima.

"Marlys, wabwera nthawi yanji? Maso ako afiira, ukugona mokwanira iwe?" Anamwetulira. "Tandiuza, iwe umamva zam'tauni. Anthu anavota ambiri dzulo?"

"Ambiri, azakhali. Kuposa kale lonse."

"Ndinadziwa ine. Anthu athuwa si oipa, amangofuna chowadzutsa." Anaponya khungu la tomato m'mbale. "Nanga chamasana chija, Ansel anachipeza? Ndinamusiyira kapepala."

Marlys anaika kapu patsogolo pawo. Chiyambire anali asanawanamizepo, ngakhale tsiku limene anaswa windo la sukulu.

"Anachipeza, azakhali."

"Basi, zili bwino."

Anamwa nawo khofi mpaka kapu inatha. Kenaka anatuluka, anakakhala m'galimoto, anatsegula fomu ya lipoti, ndipo pa mzere wofunsa amene anachotsa chikwama pamalo ovotera analemba dzina la mayi amene anamulera.